Mfundo Zofunika kwa Wochotsa Madzi m'Zosungunulira za mu Labotale

1. Mdani wamng'ono sapeputsidwa. Botolo la ether limaoneka loyera mbee, koma timadzi tobisala mmenemo n'tokwanira kupha mankhwala a Grignard amene mwawavutikira tsiku lonse. Maso amanama. Chimene chimanena zoona ndi muyeso wa Karl Fischer, umene ukugwiritsidwa ntchito kuyambira 1935.

2. Chokopa maso chisakupusitseni. Aliyense amene anaonapo mphika wa THF ukuwira ndi sodium ndi benzophenone amadziwa mmene umasangalatsira. Madzi ndi mpweya zikatha, zamkatizo zimasanduka buluu wakuda bii, wophunzira n'kumadzimva kuti tsopano wakhwima. Koma taonani zimene mwasonkhanitsa pamodzi: chitsulo choyaka chikakhudza madzi, malita a mankhwala osachedwa kugwira moto, ndi chotenthetsera pansi pake. Paipi yamadzi oziziritsa ikangovuka, mwaitana ngozi. Mu 2010, Bradley Williams ndi Michelle Lawton a pa yunivesite ya Johannesburg anayeza njira zosiyanasiyana, napeza kuti timikanda ta molecular sieves ta 3Å, tikakhala mu THF masiku awiri kapena atatu, timachotsa madzi kuposa sodium. Palibe moto, palibe kulondera. Mumatiotcha kaye mu uvuni kuti tiume gwa, kutiziziritsa pamalo opanda chinyezi, kutithira m'botolo, kutseka, n'kupita kwanu. Ena amakakamirabe mphika uja chifukwa ndi umene anaphunzirira, koma ine ndimati akuluakulu sananame: kuona maso a nkhono n'kudekha.

3. Dziwani amene sagona nyumba imodzi. Sodium ndi dichloromethane kapena chloroform zikakumana zimatha kuphulika. Chimene chagwira ntchito pa botolo ili si chilolezo cha botolo linalo.

4. Chakale musachikhulupirire chifukwa chongochizolowera. Ether ndi THF zikakhalitsa pamene pali mpweya ndi kuwala zimapanga ma peroxide mwakachetechete, ndipo mukaziwiritsa mpaka mphika kuuma, otsala pansiwo amaphulika. Lembani tsiku lotsegulira pabotolo, muyeze ndi kapepala koyezera musanaziwiritse. Mukaona timiyala toyera tamera m'mphepete mwa chivindikiro, manja kumbuyo: musapotokole, itanani woyang'anira chitetezo.

5. Ntchito sithera pamene mwapeza chimene mumafuna. Ambiri amapsa pomaliza, atatopa, mtima uli kale kunyumba. Sodium wotsala satayidwa m'sinki. Muli m'kabati yokoka utsi, magalasi kumaso, mnzanu ali pafupi, thirani isopropanol dontho ndi dontho, mudikire thovu lileke, kenako ethanol, madzi pamapeto penipeni. Kachidutswa kokutidwa ndi phala la benzophenone kamatha kukhala chete ngati katha, kali moyo mkati, choncho takasani bwino ndi kudikiranso. Ndowa ya mchenga wouma ikhale pomwepo, chifukwa moto wa sodium mukauthira madzi umakula.