Mlenje Safunsira Nyama

M'Cingelezi, mnyamata akafuna mtsikana amati akumucita "chase", kumuthamangitsa. Mtsikana akakana amati ali "playing hard to get", kutanthauza kuti akungodzikweza mtengo, mumtima anavomera kale. Mnyamata amene cikondi cimamuthera akangovomeredwa amamuikira kumbuyo kuti iye amakonda "the thrill of the chase", kukoma kwa liwiro lokhalo. Mau awa mumawamva m'mafilimu ndi m'nyimbo, ndipo ife aphunzitsi timawalemba pa bolodi kuti nkhani zanu za mayeso a Giredi 12 zikome. Koma mwaona kuti m'mau onsewa mtsikana ndi wothawa?

Mau otere ali ndi fungo la uzimba. Anthu olemera a ku England anali kusaka nkhandwe atakwera akavalo, gulu la agalu lili patsogolo, mpaka lamulo la mu 2004 linaletsa kusaka kotere. Agalu amenewo amachedwa "hounds", ndiye cifukwa cake "to hound someone" ndi kulondola munthu osamupatsa mpata wopuma. "Fair game" poyamba inali nyama imene lamulo limalola kupha. Lero ndi munthu amene aliyense angamuvutitse popanda womuletsa. "Stalk" ndi kuwenda, monga mlenje awendera insa. Mau omwewo tsopano ndi dzina la mlandu: kuyambira mu 2012, ku England ndi Wales, munthu wolondalonda mnzake motero angathe kumangidwa. Eni ake cinenero anafika poona kumene liwiro lija limathera.

Ife timati kufunsira. M'kati mwa mau amenewa muli kufunsa, ndipo funso lili ndi mayankho awiri. Wofunsira amadziwa asanatsegule pakamwa kuti angabwerere cimanjamanja. Mlenje safunsa insa ngati ifuna kugwidwa. Kuthawa kwake ndi kumene kumamukometsera uzimba. Apa ndi pamene "playing hard to get" pandiopsera. Mau amenewa amalanda mtsikana "iyai" wake. Akavomera, wavomera. Akakana, akuti wavomeranso, kungoti akucedwetsa. Nanga anene ciani kuti amveke?

Sindikuti Cinyanja ndi coyera. M'komboni mwathu anyamata amalimbikitsana kuti "akana cabe, limbikira", osabwereka liu lililonse kwa Mzungu. Ndipo anyamata ali ndi funso lao loona. Atsikana ambiri amalangizidwa kuti asavomere tsiku loyamba, angaoneke ochipa. Ndiye mnyamata adziwa bwanji kukana kwa mwambo ndi kukana kwenikweni?

Ine ndiona kuti sicovuta monga amanenera. Amene akungocedwetsa yankho amaima n'kumvetsera, amaseka, mawa adzadutsanso njira yomweyo. Amene wakana amayamba kuzungulira kutali popita kumsika. Amatsika minibasi pa siteshoni imene si yake. Amatenga mlongo wake kuti amuperekeze kukatunga madzi, amacotsa cithunzi cake pa WhatsApp, mwina mpaka kusintha nambala. Mnyamata amaziona zonsezi, pakuti ndi iye amene amafufuza nambala yatsopanoyo kwa anzake a mtsikana. Akaipeza amauza anzake kuti ali "hot on her heels", wamuyandikira kucidendene, ndipo iwo amamuombera m'manja. Mtsikana uja usiku umenewo amagona atazimitsa foni.