Kodi Woiwala Ali ndi Mlandu?

Mwezi uno tilingalire pamodzi za odwala amene imso zao zinaleka nchito, ndipo mwazi wao utsukidwa ndi makina. Woyamba kupanga makinawa ndiye sing'anga wa ku Holland, Willem Kolff, m'caka ca 1943. Lero alipo ndi kwathu kuno, pa Queen Elizabeth ku Blantyre ndi pa Kamuzu Central ku Lilongwe. Wodwala agona pamenepo maora ngati anai, kawiri kapena katatu pa sabata, ndipo ambiri atero masiku onse a moyo wao.

Koma asing'anga aona kuti popita zaka ambiri a odwalawa ayamba kuiwala ndi kucedwa poganiza. Ukalamba uthandizira; nthenda ya shuga ndi kuthamanga kwa mwazi ziononga timitsempha ta m'ubongo monga zinaonongera ta m'imso; ndiponso makina akacotsa madzi msanga, mphamvu ya mwazi itsika, ndi ubongo ulandira wocepa.

Tsono munthu yemweyo ndiye asenza malamulo ambiri: asamwe madzi ocuruka, acepetse mcere, apewe nthoci, amwe mankhwala pa nthawi yace. Akaphonya, ife timdzudzula, ndi kuti, Safuna kucira ameneyu. Kodi tiweruza molungama?

Ife titi iai. Mlandu ukhala pa iye amene adziwa lamulo, nalikumbukira, nalikana dala. Koma amene nthenda yamlanda cikumbukiro sanakane kanthu. Kumdzudzula kuli ngati kukalipira wakhungu cifukwa wapunthwa pa citsa. Tikumbukire kuti m'zaka za m'ma 1970 odwala ena otere anasokonezeka mutu nafa, ndipo kunapezeka kuti cowaononga cinali aluminiyamu wa m'madzi otsukira mwazi ndi m'mankhwala ena. Colakwa sicinali mwa iwo konse, ndipo madzi atayeretsedwa nthendayo inacepa ndithu.

Koma pali kulakwa kwina kumene ticenjere nako, ndiko kumyesa mwana. Ena ayamba kukamba za iye pamaso pace osamfunsa, nagamula za cuma cace ndi thupi lace monga wafa kale. Uku ndi kumcotsera ulemu. Nzeru zikazirala, cifanizo ca Mulungu sicicoka mwa munthu. Akali atate wathu, akali mkulu wa mpingo.

Cotero katundu amene sakhoza kusenza agwera ife. Timwerengere mankhwala, timyesere madzi m'cikho, timperekeze ku cipatala. Tikaona kuiwala kulikuyamba, tiuze sing'anga msanga, pakuti zifukwa zina, monga kucepa kwa mwazi, zithandizika. Ndipo akali kulingalira bwino, timfunse cimene afuna cicitike m'tsogolo, kuti tsiku losakhoza kunena tidzacite mau ace, si athu ai.

Mulungu wathu saiwala munthu amene waiwala dzina lace lomwe, nafenso tisamuiwale.