Wokonza mafoni sanama pa nkhani ya inki

Munthu wa ku Tamanda akapita ku Chipata ndi foni imene yachita banga lakuda pa sikirini, lija timati inki, yankho la okonza mafoni ku msika wa Kapata limakhala limodzi: sikirini yonse isinthidwe. Ambiri amabwerako akung'ung'udza kuti awadyera. Koma pa nkhani iyi wokonzayo sanama, ndipo chifukwa chake chabisala m'kachikuto kosaoneka ndi maso.

Sikirini ya LCD ndi magalasi awiri opyapyala otsekera pakati pawo madzi apadera, a mtundu umene wasayansi Friedrich Reinitzer anautulukira mu 1888. Tinthu ta m'madzimo n'tatitali, ndipo kuti magetsi atitembenuze n'kutsegula kapena kutseka njira ya kuwala, tiyenera kuyamba tagona molunjika mbali imodzi. Chogoneka tinthuti ndi kachikuto kaja: polyimide, pulasitiki yopakidwa mkati mwa magalasi onse awiri, yopyapyala maulendo mazanamazana kuposa tsitsi limodzi. Imaumitsidwa pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 200, kenako n'kupukutidwa ndi nsalu yaubweya yokulungidwa pa chogudubuza, monga mmene udzu wofolera umapesedwera kuti uloze kumodzi. Wasayansi Charles Mauguin anaona mphamvu ya kupukutaku mu 1911. Mu 2009 kampani ya Sharp inayamba kugwiritsa ntchito kuwala kwa UV m'malo mwa nsalu. Mankhwala a polyimide amapangidwa ndi makampani ochepa, monga Nissan Chemical ya ku Japan, ndipo amapakidwa m'zipinda zosalowa fumbi. Galasi lamkati likang'aluka, mpweya umalowa, madzi aja amasuntha, dongosolo lonse n'kubalalika. Palibe dzanja ngakhale la mmisiri wodziwa chotani limene lingalibwezeretse patebulo la pamsika, mwezi wa Okutobala fumbi lili koboo.

Wina anganene kuti okonza ena amachotsa galasi losweka lokha n'kumata latsopano. N'zoona, koma limenelo ndi galasi lakunja loteteza, ndipo zimatheka pokhapokha chithunzi chikuonekabe bwino pansi pake. Wina angadandaule za mtengo, ndipo apa m'pamene pali mlandu weniweni. Masikirini olowetsa m'malo amasiyana ubwino ngakhale kunja akufanana: otchipa ena amazilala mukawayang'ana chammbali kapena kusiya chithunzithunzi cha zimene zinalipo kale. Wochokera kutali ngati ku Tamanda sangabwerere mawa lake, choncho asanalipire aone sikiriniyo itayaka, aipendeketse uku ndi uku, ndipo masiku oti angaibweze alembedwe pa lisiti.