Kulira msilikali sikubisa mmene anafera

Lamulungu pa 23 Okutobala 1983, m'mamawa ambiri akadali mtulo, lole yodzaza ndi mabomba inadutsa mpanda wa waya pabwalo la ndege la Beirut ku Lebanon n'kukaphulika m'nyumba yosanja momwe munkagona asilikali a dziko la America. Anafa asilikali 241, ndipo 220 mwa iwo anali a gulu la Marines. Patangopita mphindi zochepa, bomba lina linapha asilikali 58 a ku France mumzinda womwewo. Mayina a asilikali a ku America aja anawalemba pakhoma la chikumbutso ku Jacksonville, m'chigawo cha North Carolina, pafupi ndi Camp Lejeune kumene gululi linachokera, ndipo abale amasonkhanapo chaka ndi chaka. Kodi munthu akaima pakhomapo n'kuwerenga dzina la mnyamata mmodzi, kumupatsa ulemu n'kungotama kulimba mtima kwake, kapena n'kunenanso kuti akuluakulu ake sanamuteteze mokwanira? Ine ndikuti chikumbutso chobisa mmene munthu anafera chimatchinjiriza amoyo olakwa, wakufayo osapindulapo kanthu.

Zolakwikazo si mphekesera. Komiti yofufuza yotsogozedwa ndi Admiral Robert Long inapeza mu Disembala chaka chomwecho kuti alonda a pachipata anali ndi mfuti zopanda zipolopolo mkati, chifukwa malamulo amene anapatsidwa ankatero, komanso kuti asilikali ochuluka anawaunjika m'nyumba imodzi. Chenjezo linalipo kale, poti mu Epulo bomba linali litapha anthu 63 ku ofesi ya kazembe wa America mumzinda momwemo. Mu Seputembala sitima zankhondo za America zinawombera m'mapiri pothandiza asilikali a boma la Lebanon, motero anthu amene ankatchedwa osungitsa mtendere anayamba kuonedwa ngati atenga mbali pankhondo yapachiweniweni. Pulezidenti Ronald Reagan mwini wake anavomera poyera kuti cholakwacho chili pamutu pake. Zonsezi sizichepetsa mlandu wa opha. Khoti la ku Washington linagamula mu 2003 kuti chiwembucho chinachitidwa ndi Hezbollah mothandizidwa ndi Iran, ndipo magaziwo ali m'manja mwawo. Koma mbava kukhala ndi mlandu sikuyeretsa amene anasiya khola lotsegula.

Ena adzati pamaliro sitizenga milandu, ndipo akunena zoona. Mayi amene wangolandira uthenga safunika lipoti la komiti, amafunika anthu okhala naye pansi. Koma khoma la mwala si siwa. Maliro amatha, pomwe khoma limaima kuti liphunzitse ana amene sanaone, ndipo ena mwa anawo ndiwo adzalamule asilikali mawa. Baibulo lomwe silibisa zotere. Uriya Mhiti anafa kunkhondo ku Raba chifukwa Davide analamula Yowabu kuti amuike pamene nkhondo yakula, ndipo wolemba 2 Samueli sanafufute nkhaniyi pofuna kusunga mbiri ya mfumu. Uriya akumutchula pomalizira penipeni pa mndandanda wa ngwazi za Davide, ndipo Mateyu, polondola mzere wobadwira wa Yesu, akutchula mayi wa Solomo ndi dzina la mwamuna wophedwayo. Inde, Davide anachita dala, pomwe akuluakulu a ku Beirut sanafunire anyamata awo imfa. Kusiyanako n'kwakukulu, komabe pali chimodzi chofanana: ulemu wa msilikali ndi kulephera kwa omutuma zalembedwa pamodzi, ndipo chimodzi sichinadetse chinzake.

Chotsutsa cholemera kwambiri n'chakuti tikati imfayo ikanapeweka, ndiye kuti tikuuza amasiye kuti mwana wawo anafera chabe. Manthawa amachokera ku maganizo akuti moyo wa msilikali umalemera malinga ndi zimene imfa yake yagula. Tikayeza choncho, anyamata a ku Beirut atayika, chifukwa gulu la Marines linachoka mu Febuluwale 1984 ndipo nkhondo ya ku Lebanon inapitirira mpaka 1990. Koma chikhulupiriro chakuti munthu analengedwa m'chifanizo cha Mulungu sichiyeza motero. Mnyamata amene anafera pabedi asanawombereko ndi kamodzi komwe sachepa pomuyerekeza ndi wofera pachigonjetso, pakuti ulemu wake uli pa umunthu wake ndi pa kukhulupirika kwake pamalo pamene anamuika. Ndiye palibe chifukwa chokometsera nkhani kuti imfa yake ioneke yaphindu. Amene amasowa nkhani yokometsedwa ndi maboma, chifukwa amafuna makolo ena aperekenso ana awo osafunsa mafunso. Choncho otsogolera mapemphero ndi olankhula pamwambo wa pa 23 Okutobala atchule mayina onse, atchulenso zimene komiti ya Long inapeza.