Ntchito Igwirike, Koma Phokoso Limvere Inu

Ndikulankhula ndi inu amene mtima umayamba kuthamanga mukangoona mbale zachitsulo zitaunjikana pambali pa thandala. Inu amene kukwecha poto ndi mchenga kumakulowani m'mano n'kukatulukira kumsana, amene chivundikiro chikagwa pa simenti mumagwira makutu n'kuthawira kuchipinda, panja n'kumamveka mawu akuti, "Wayambapo zake zija," kapena, "Ndi ulesi basi, akuthawa ntchito." Mverani bwino, m'bale wanga: si ulesi. Ululu mukuumvawo ndi weniweni, ndipo ntchito za pakhomo mungathe kuzigwira popanda kudzizunza.

Nkhaniyi sinayambe ndi inu. Mu 1943 dokotala wa matenda a maganizo a ana wa ku Baltimore, Leo Kanner, analemba za ana 11 amene khalidwe lawo lero timalitcha autism. Pa zinthu zimene anaona kuti zimawaopsa kwambiri anawo panali makina oyamwa fumbi, chipangizo chomenyera mazira, madzi otuluka pampopi, ngakhale mphepo imene. Zambiri mwa izo ndi zinthu za m'nyumba, za ntchito ya tsiku ndi tsiku. Panapita zaka 70 kuti buku la madokotala a ku America la DSM-5, mu 2013, liike kumva mopyola muyeso phokoso, kuwala kapena fungo pakati pa zizindikiro za autism. Bungwe la WHO linanenapo kuti pafupifupi mwana mmodzi pa ana 100 aliwonse ali ndi autism. Ana amenewo amakula, amakhala ndi makomo awo, ndipo mbale zimawadikira ngati wina aliyense. Muli ambiri, ngakhale kumudzi kwanu akukuonani ngati ndinu nokha.

Temple Grandin, mayi wa autism amene ndi pulofesa wa sayansi ya ziweto ku Colorado State University, wakhala akufotokoza mmene belu la kusukulu linkamupwetekera m'makutu ali mwana. Wakhalanso akuphunzitsa chinthu chimene ndikufuna muchigwiritse ndi manja awiri: phokoso limene mukulilamulira nokha limapiririka kusiyana ndi limene lakudzidzimutsani. Ubongo ukadziwiratu kuti kukubwera kulira kwakuti, nthawi yakuti, umadzikonzekeretsa. Paja munthu sadzigirigisha yekha, chifukwa thupi limadziwa kale kumene chala chikupita. Choncho musadzifunse kuti mupirira bwanji. Dzifunseni kuti phokosoli likuyamba ndi ndani, liyamba liti, ndipo wolithetsa ndani. Yankho la mafunso atatuwo likakhala inu, theka la nkhondo latha.

Tiyeni tiyambe ndi poto wa nsima uja, popeza ndi amene amaliza ambiri. Nkhoko zikauma zimafuna mphamvu, mphamvuyo ndiyo imabala kulira kwa chitsulo. Musazilole kuuma. Mukangomaliza kuomola, thiranimo madzi poto akadali wofunda, muike pambali, mukadye mwamtendere. Pobwerako mupeza nkhoko zafewa moti mthiko womwewo uzichotsa mwakachetechete. Siyani mchenga ndi waya wokwechera. Tengani chinkhupule ndi phulusa losefa bwino, lopanda timiyala, ndipo mwaye uchoka popanda kukukuta mano. Beseni likhale lapulasitiki, pansi pake m'katimo muyalemo chitenje chakale, kuti mbale ikatsetsereka m'manja igwere pofewa. Masipuni musawakhuthulire pamodzi. Atsukeni paokha, awiriawiri kapena atatu. Mbale iliyonse muiike ndi dzanja pamalo pake m'malo moiponya pamwamba pa inzake. Zitenga nthawi yochulukirapo, inde. Koma mudzaimirira pamenepo mutu uli bwino, ndipo mbale zoyera sizinena kuti zatsukidwa mphindi zingati.

Nzeru yomweyo ipite nanu kulikonse. Pampopi pendeketsani ndowa kuti madzi atsike m'mbali. Mtondo usakhale pa simenti, uikeni padothi kapena pa thumba lopinda. Ngati tsache louma likukanda m'makutu, kolopani. Miyendo ya mipando muimange timphira ta chubu chakale cha njinga. Palibe lamulo lonena kuti ntchito igwiridwe mmene ankaigwirira agogo.

Kwa inu a m'tauni, ndi inu muli ku Johannesburg kapena ku London kumene makina ali m'chipinda chilichonse, dziwani pang'ono za kuyeza kwa phokoso. Limayezedwa m'madesibelo. Kucheza wamba kumakhala pafupifupi 60, makina oyamwa fumbi amafika 70 mpaka 80, ndipo makina opera zipatso amatha kupitirira 80. Manambalawo amaoneka oyandikana, koma kukwera kwa 10 kokha khutu limakumva ngati phokoso lawirikiza. Nkhani yabwino ndi yakuti mtunda uli kumbali yanu: pabwalo, mukatalikira kawiri kuchokera pamene phokoso likuchokera, limatsika ndi madesibelo pafupifupi 6. Chitseko chotseka chimadulanso lina. Makina ochapira amalira kwambiri pofinya zovala, ndipo nthawi imeneyo safuna kuyang'aniridwa. Aikeni, tsekani chitseko, tulukani panja. Makina amene mukuwaopa, yambani mwawayatsa nokha kwa kanthawi kochepa, muwazimitse, mupume, tsiku lina muwonjezere. Chala chikhale chanu pa switchi, ndipo wina asakuyatsireni kumbuyo ati kuti muzolowere. Kudzidzimutsa munthu sikumuzoloweretsa, kumangomuwonjezera mantha.

Zotseka m'makutu ndi mahedifoni ochepetsa phokoso ndi zida za ntchito, ndipo musachite nazo manyazi. Zasiponji zija zogulitsidwa m'mafamase ndi m'masitolo a zipangizo zomangira zimatha kudula madesibelo oposa 20 zikalowetsedwa bwino. Valani popita kuchigayo, posinja, pamene jenereta ya oyandikana nawo yayamba magetsi atazima. Koma ntchito ikatha, vulani. Akatswiri a zamakutu amachenjeza kuti kutseka makutu tsiku lonse, ngakhale pamalo abata, kumachititsa kuti azimva phokoso mopweteka kuposa kale. Ndipo ngati pali poto pamoto kapena mwana akukwawa pafupi, maso agwire ntchito imene makutu aisiya.

Pali china chimene anthu a panja saona. Mphamvu zopirira phokoso zimatha, ndipo zimene mwawononga m'mawa simukhala nazo madzulo. Tsiku limene mwakwera minibasi wailesi ikuphulika, mwadutsa mumsika, mwaimirira pamzere kuchigayo, si tsiku lochapa mapoto onse a m'nyumba. Musaunjike maphokoso. Pogwira ntchito yolira, wailesi izime, TV izime, wolankhula nanu adikire. Phunzirani zizindikiro za thupi lanu: mapewa akuuma, nsagwada zikulumana, mawu a anthu ayamba kusokonekera. Imani pomwepo, musadikire kugwa. Pitani pamalo anu abata, gwedezekani ngati kugwedezeka kumakukhazikani mtima, dzifunditseni bulangete lolemera ngati limakuthandizani, kenako bwererani mukamalize. Ndipo tsiku lina zikakukanikani mpaka kulira kapena kusowa mawu, musadzitukwane. Thupi ladzaza, basi. Mbale zigona, mawa muzipeza.

Tsopano chovuta kuposa zonse, kulankhula ndi a m'nyumba. Kwathu kuno mwana sasankha ntchito, ndipo mtengwa amene wakana kusinja amamveka mudzi wonse. N'chifukwa chake musapite kukakana. Pitani kukasinthanitsa. Nenani kuti, "Amayi, kuchigayo kumandipweteka m'makutu mpaka ndimadwala. Apiteko achimwene, ine ndichapa zovala zonse ndi kusita." Nenani kuti, "Achemwali, mukafuna kuyatsa makinawo mundiuze kaye, ndituluke." Kusankha mpunga, kusadzula masamba, kupinda zovala, kuthirira dimba, kusamala nkhuku, zonsezi ndi ntchito zolemera pakhomo, ndipo ambiri a inu mumazigwira mosamala kuposa wina aliyense.

Inunso makolo, amuna ndi akazi a anthu otere, apongozi, ndikukupemphani. Ku Britain, masitolo a Morrisons anayamba mu 2018 kupatula ola limodzi Loweruka m'mawa, kuyambira 9 koloko mpaka 10, lozimitsa nyimbo, kuchepetsa magetsi ndi kutsitsa kulira kwa makina olipirira, kuti anthu a autism agule mwamtendere. Ngati sitolo yofuna phindu ingathe kutero, banja lokondana lingalephere bwanji kuzimitsa wailesi kwa ola limodzi kuti mwana wawo atsuke mbale? Munthuyu sanalodzedwe ndipo sakuchita mwano. Mukamuchenjeza musanamenye chitseko, mwamupatsa zambiri kuposa mmene mukuganizira.

Chenjezo limodzi lokha. Ngati kupweteka kwayamba mwadzidzidzi, kuli khutu limodzi, kukutuluka mafinya, kapena m'khutu mukulira osaleka, pitani kuchipatala akakuyezeni, chifukwa si chilichonse chimene chimachokera ku autism. Ku Blantyre, chipatala cha Queen Elizabeth chili ndi gawo loyeza makutu, ndipo chipatala cha m'dera lanu chingakulozereni kumene mungapite.

Musayese kusintha nyumba yonse tsiku limodzi. Sankhani ntchito imodzi, imene mumaiopa kuposa zonse, muiyang'anitsitse kuti kulirako kukuchokera pati kwenikweni: kodi ndi chitsulo kukhudza chitsulo, ndi simenti, ndi makina, kapena ndi anthu olankhula nthawi imodzi? Chotsani chimodzicho. Ikani nthawi yanu, auzeni a m'nyumba kuti ola limenelo ndi lanu, konzekeranitu malo opumira, ndipo muyambe sabata ino. Imeneyo ikakhazikika, pitani pa yachiwiri.