Mwachira, Nanga Mtima?

Kwathu kuno mayi akabereka timati wachira. Abale amabwera ndi sopo, ufa ndi zitenje, kulandirana khanda m'manja, uyu akuti mphuno ndi ya bambo ake, uyu akuti ayi ndi ya agogo. Ofunsa mayiyo kuti wagona bwanji ndi ochepa.

Mawu a lerowa ndi anu, mayi, inu amene masana mumasekerera alendo koma usiku misozi imagwera mwana ali kubere. Tulo sitibwera ngakhale mwana atagona. Nsima siikoma. Mwina mukangotsinzina mumaonanso magazi aja, anamwino akuthamanga, kapena mwana uja amene anabadwa osalira. Ndiye mumadziweruza nokha kuti mayi weniweni sangamve chonchi.

Simuli mayi woipa, ndipo simunalodzedwe. Mwana akangobadwa, mahomoni amene anasunga pathupi amatsika mwadzidzidzi, n'chifukwa chake cha pa tsiku lachitatu kapena lachinayi amayi ambiri amangolira popanda chifukwa. Zimenezo zimatha pasanathe masabata awiri. Zikapitirira, kapena zikayamba muli oyembekezera, amenewo ndi matenda, monga BP kapena kuchepa kwa magazi, ndipo amachizika. Bungwe la WHO limati m'mayiko ngati athuwa, pafupifupi mayi 1 mwa amayi 5 alionse amavutika maganizo akabereka. Tsiku lina mudzawerenge amayi amene mwakhala nawo pabenchi kusikelo. Onse ovala zitenje zochapa bwino, onse ali duu.

Ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu odwala chimene Ashona amati kufungisisa, ife timati kuganiza kwambiri. Ambiri anapepukidwa chifukwa choti wina anawamva mpaka kumapeto, osawadula ndi mawu oti limbani mtima.

Choncho lero uzani munthu mmodzi. Kusikelo akatha kuyeza mwana, musafulumire kumubereka. Uzani namwino kapena mlangizi wa zaumoyo kuti, "Mwana ali bwino, koma ine sindili bwino." Alipo mankhwala oti mungamwe mukuyamwitsa. Ngati maganizo odzivulaza kapena ovulaza mwana akubwera, musadikire tsiku la sikelo, pitani kuchipatala lero lomwe, wina akuperekezeni.

Ndipo masanawa apongozi kapena achemwali akati abereke mwana, apatseni. Mbale zija zidikire, inu kagoneni.