Kodi Kholo Lowerenga Limaba Nthawi ya Ana Ake?

Mawu oti kuwerenga ali ndi matanthauzo awiri m'Chichewa: kupeza kuchuluka kwa zinthu, ndiponso kutsata mawu olembedwa. M'Chishona kuverenga ndi chimodzimodzi. Potsata tanthauzo loyambalo, palibe munthu wowerenga kwambiri kuposa kholo la ku Mabvuku, Mufakose kapena Dzivarasekwa m'mzinda wa Harare. Limawerenga ndalama za kombi, zidebe za madzi, maola a magetsi ndi masiku otsala kuti lendi ndi fizi zifunike. Mu Januwale 2009 linawerenganso maziro 14 pa ndalama imodzi yapepala. Funso lili pa tanthauzo lachiwirilo. Kholo lotere likatsegula buku lofuna lokha, lomwe si la homuweki ya mwana kapena la mayeso okwezera malipiro, kodi likuchita chinthu choyenera, kapena likuba nthawi ya ana ake?

Ambiri mwa olankhula Chichewa m'malokeshoni amenewa ndi zidzukulu za matchona ochokera ku Nyasaland, ku Tete ndi kum'mawa kwa Northern Rhodesia, omwe anadzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'makhitchini a azungu. Ashona anawatcha Mabhurandaya potengera dzina la Blantyre. Lokeshoni ya Harari, yomwe lero ndi Mbare, inakhazikitsidwa mu 1907 ngati malo ogona antchito, ndipo oimanga ankafuna manja a munthu, osati zam'mutu mwake. Komabe mabuku anafika. Mu 1912 mbusa T.C.B. Vlok anachoka ku Nyasaland kudzatumikira anthuwa ku Salisbury, ntchito imene inabala Sinodi ya Harare ya mpingo wa CCAP, ndipo Buku Lopatulika litatuluka mu 1922 linakhala buku loyamba, mwina lokhalo, m'nyumba zambiri. Koma kuwerenga kumeneku kunali kwa mokweza ndi kwa pagulu: Lamulungu m'tchalitchi, Lachinayi pamsonkhano wa amayi, usiku pamaliro. Kuwerenga kwa chinunu, munthu ali yekha ndi tsamba lake, sikunapatsidwe malo ake m'tsiku. Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a mu 2013 anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, koma lamulo silisindikiza mabuku, ndipo wofuna Nthondo wa Samuel Ntara kapena Sikusinja ndi Gwenembe wa John Gwengwe amadalira kwenikweni mbale wobwera pabasi kuchokera ku Lilongwe.

Alangizi a m'magazini ali ndi yankho lachangu: kholo lizidzuka mphindi 20 nthawi yake isanakwane n'kuwerenga. Malangizowa analembedwera munthu wogona maola asanu ndi atatu. Mayi wogulitsa tomato amanyamuka kusanache kukapikula ku Mbare Musika. Akabwerera kumadzulo amakaima pamzere wa pamjigo, pakuti m'madera ambiri a Mabvuku ndi Tafara mipopi inakhala youma kwa zaka. Mu 2019, madzi atachepa m'nyanja ya Kariba, magetsi ankazima mpaka maola 18 patsiku n'kumayaka usiku, kotero nthawi yokhayo ya kuwala inali yositira yunifomu ndi yophikira nyemba za mawa. Mphindi 20 zotchulidwazo kulibe kumene zagona zikudikira mwini wake. Ziyenera kuchotsedwa pa tulo, pa ntchito, kapena pa mwana.

N'chifukwa chake mlandu wa otsutsa suyenera kupeputsidwa. Iwo amati mwana sanapemphe kubadwa, ndipo ola limene mayi ake ali m'buku ndi ola limene iye alibe womufunsa za tsiku lake. Pali chinanso chozama. M'chikhalidwe chimene munthu sadutsa mnzake osapereka moni, wowerenga mwachinunu m'nyumba ya chipinda chimodzi amaoneka ngati wafulatira anzake. Thupi lake lilipo koma iye wachoka osatsanzika. Apongozi akamanena kuti "buku lakhala mwamuna wachiwiri" sakunena za ulesi wokha. Akudandaula kuti wina wapeza malo amene banja silingamutsatireko.

Oteteza kuwerenga amakonda kuyankha kuti mwana woona kholo lake likuwerenga nayenso adzakonda mabuku. Zimenezi n'zoona nthawi zambiri, koma yankholi limagonja lisanayambe kumenya nkhondo. Limavomereza kuti chilichonse chimene kholo lichita chiyenera kupindulira mwana kuti chikhale chololeka, ndipo limasandutsa mayi wowerenga kukhala chikwangwani cholozera ana njira ya kusukulu. Ana akadzakula osakonda mabuku, kodi zaka zonse za kuwerenga kwakeko zidzakhala zakuba? Immanuel Kant anaphunzitsa kuti munthu sayenera kutengedwa ngati chida chabe chokwaniritsira zolinga za ena, ndipo sanapatule makolo pa lamuloli. Nawo mawu oti sukulu, amene Chichewa chinabwereka ku Chingerezi, gwero lake ndi mawu a Chigiriki akuti scholē, otanthauza nthawi yopuma. Aristotle ankaona kuti anthu amagwira ntchito kuti apeze nthawi yotereyi. M'lokeshoni zinthu zinatembenuka: nthawi yopuma imaloledwa pokhapokha ikathandiza ntchito.

Chilankhulo chenichenicho chimasonyeza pamene pagona vuto. Mkazi akabereka mwana woyamba, Achewa ndi Ashona omwe amasiya kumutchula dzina lake. Amakhala amake a uje, Mai a uje. Ndi ulemu waukulu, ndipo palibe wofuna kuuthetsa. Koma kuyambira tsiku limenelo pafupifupi aliyense womuitana amamuitana kudzera mwa wina, ndipo amamuitana kuti achite kanthu. Buku ndi limodzi mwa zinthu zochepa zimene zimalankhula naye osamupempha chakudya, ndalama kapena madzi osamba. Umunthu umanena kuti munthu ndi munthu chifukwa cha anzake, koma chiphunzitsochi chimafuna kuti pakhale munthu woti akumane ndi anzakewo. Kholo limene latha zaka 15 likungowerenga zidebe ndi masenti limafika poti lilibe chouza ana ake kupatula mitengo ya zinthu. Zikatero anawo ataya kanthu, koma woyamba kutaya ndi mwini wakeyo, ndipo kutaya kwakeko n'kokwanira pakokha kukhala nkhani.

Izi sizikutanthauza kuti ola lililonse la buku n'loyera. Wowerenga mwana akutentha thupi walakwa, monga walakwira wokhala kumowa pa nthawi yomweyo. Ndipo m'pofunika kuona amene amaimbidwa mlanduwu. Bambo wokhala pakhonde atatambasula The Herald amatchedwa wotsata za dziko, ndipo ana amauzidwa kuti asasokose. Mayi wogwira buku la nthano pa ola lomwelo amafunsidwa ngati ndiwo zapsa. Tsono funso loti kaya kholo limaba nthawi ya ana limabisa funso lina: ndani m'nyumbamo amene nthawi yake imatengedwa kale tsiku ndi tsiku popanda woitcha kuba? Virginia Woolf analemba mu 1929 kuti mkazi wofuna kulemba asowa chipinda chake ndi ndalama zake. M'mafulati a Matapi ku Mbare, momwe mabanja amagawana chipinda ndi nsalu yotchinga, chipinda chotere kulibe. Chotheka ndi theka la ola limene ena m'nyumbamo avomereza kuti ndi lake, ndipo kuvomerezako kumaoneka pamene wina wanyamula chidebe m'malo mwake.

Pakali pano ambiri amawerenga m'ming'alu ya tsiku. Kombi yochokera ku Copacabana kupita ku Mufakose ndi chipinda chowerengera cha anthu ambirimbiri, ndipo nthano za Chishona zotumizidwa mutu ndi mutu pa WhatsApp zapeza owerenga amene ogulitsa mabuku sanawafikepo. Ophunzira ena amazinyoza nthanozi, koma wozinyoza ayambe wayesa kuwerenga atapanikizidwa anayi pampando umodzi.

Doris Lessing, m'mawu ake olandirira mphoto ya Nobel mu 2007, anajambula mayi wachitsikana wa ana awiri akudikira madzi m'nthawi ya chilala, uku akuwerenga chidutswa chong'ambika cha Anna Karenina. Chithunzichi chinakhudza anthu ambiri ku Ulaya, ndipo n'chokongoladi, koma kukongola kwake kumaiwalitsa kuti mayiyo akuwerenga ali chiimire chifukwa palibe amene anam'patsa mpata wokhala pansi. Lessing atamwalira mu 2013, mabuku ake oposa 3,000 anaperekedwa ku Harare City Library, pakati pa mzinda. Kwa mayi wa ku Tafara, kufika pa mabukuwo kumafuna ndalama za kombi ulendo wopita ndi wobwerera, tsiku limene tebulo lake la tomato likhala lopanda mwini, ndi munthu wovomera kukatenga ana kusukulu.